Thiraki Yopanda Dalaivala: Kodi Ntchito ya Pachiwongolero Ikutha?

Kumapeto kwa Epulo 2025, thiraki yodzaza ndi katundu inayenda ulendo wa pakati pa Dallas ndi Houston, m'chigawo cha Texas ku America, pampando wa dalaivala popanda munthu. Chiwongolero chinkazungulira chokha. Inadutsa mumsewu waukulu wa I-45 pakati pa magalimoto a anthu wamba, n'kukafika osagunda kanthu. Nkhaniyi itamveka, anthu amene amadyera pachiwongolero, ku America komweko ndi kwina konse, anayamba kufunsana kuti nanga iwo alowera kuti. Funsoli liyenera kuyankhidwa mosapsatira, chifukwa dalaivala aliyense ali ndi ana a sukulu, lendi ya nyumba ndi makolo kumudzi amene amayang'ana kwa iye.

Kodi n'zoona kuti pali mathiraki amene akuyenda okha, kapena ndi nkhambakamwa chabe?

N'zoona, koma ndi ochepa kwambiri ndipo akuyenda m'malo ochita kusankha. Thiraki ya ku Texas ija ndi ya kampani ya Aurora, imene Chris Urmson ndi anzake awiri anaiyambitsa mu 2017. Urmson ndi amene kale ankatsogolera ntchito yopanga galimoto yodziyendetsa ku Google. Kuchoka ku Dallas kukafika ku Houston ndi makilomita pafupifupi 385, ndipo makasitomala oyamba anali Uber Freight ndi Hirschbach. Patangopita masabata ochepa, kampani ya Paccar, imene imapanga mathiraki a Peterbilt omwe Aurora inaikamo zida zake, inapempha kuti munthu abwerere pampando wakutsogolo azingoyang'anira. Aurora inavomera. Munthuyo sankayendetsa, koma pempho lotero likusonyeza kuti ngakhale opanga thirakiyo mtima wawo unali usanakhazikike. Chaka chimenecho chisanathe, Aurora inayamba kuyenda ndi usiku womwe, n'kutsegulanso njira ya Fort Worth kupita ku El Paso, yotalika pafupifupi makilomita 1,000.

Kunja kwa misewu ya boma, zimenezi zinayamba kalekale. Ku migodi ya chitsulo ya Pilbara ku Australia, kampani ya Rio Tinto inayamba mu 2008 kugwiritsa ntchito zimathiraki za Komatsu zopanda dalaivala. Ku Permian Basin, dera la zitsime za mafuta kumadzulo kwa Texas, mathiraki a zida za Kodiak anayamba kumapeto kwa 2024 kututa mchenga opanda munthu, m'misewu yafumbi ya eni ake. Ngakhale pamsewu wa boma, ku Bentonville, m'chigawo cha Arkansas, timalole ta Gatik tinayamba mu 2021 kuzungulira topanda dalaivala pakati pa nyumba yosungiramo katundu ya Walmart ndi sitolo yake, njira ya makilomita 11 okha. Malo onsewa akufanana pa chinthu chimodzi: njira ndi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, yopimidwa kale, yopanda zodzidzimutsa zambiri.

Thiraki yotereyi imaona bwanji msewu?

Ili ndi maso a mitundu itatu. Makamera amawerenga zikwangwani, mizere ya patala ndi mitundu ya maloboti. Radar imaponya mafunde a wailesi n'kumvetsera mmene akubwerera, motero imadziwa kutalika ndi liwiro la chimene chili kutsogolo ngakhale kuli fumbi kapena mvula. Lidar imachita zomwezo koma ndi kuwala kwa laser. Imawaza timadontho ta kuwala miyandamiyanda n'kujambula maonekedwe a chinthu chilichonse, kaya ndi munthu, chidutswa cha tayala kapena ng'ombe. Zonsezi zimathera ku kompyuta, yomwe imazifananitsa ndi mapu a msewuwo ojambulidwa kale mwatsatanetsatane, n'kulamula chiwongolero, mabuleki ndi injini.

Chimene chimavuta pa thiraki ndi kulemera. Ku America lamulo limalola matani pafupifupi 36, ndipo thiraki yodzaza choncho ikakhala pa liwiro la makilomita 105 pa ola, imafuna mtunda wa mabwalo a mpira pafupifupi awiri kuti iime. Ndiye iyenera kuona patali kwambiri kuposa galimoto yaing'ono. Aurora imati lidar yake imaona kupitirira mamita 400. Komanso chilichonse chofunika amachiika pawiri, mabuleki, chiwongolero, magetsi ndi kompyuta yomwe, kuti china chikafa chinzake chigwire mpaka thirakiyo ipatuke n'kuima pambali. Akatswiri amautcha mlingo umenewu Level 4, kutanthauza kuti makina amayendetsa okha koma m'dera ndi m'nyengo zimene anakonzedwera basi. Mlingo wotsiriza, Level 5, woti thiraki ipite kulikonse kumene munthu angapite nayo, palibe kampani imene yaufika.

N'chifukwa chiyani zambiri zikuchitikira ku Texas?

Misewu ikuluikulu ya kumeneko ndi yowongoka, yotakata, mizere yake ndi yooneka bwino, ndipo anthu oyenda pansi ndi njinga sapezekamo kawirikawiri. Chipale chofewa, chimene chimakwirira mizere n'kuchititsa zida khungu, chimagwa mwa kamodzikamodzi. Katundu wodutsa kumeneko ndi wochuluka. Ndipo kuyambira mu 2017 malamulo a Texas amalola galimoto kuyenda mkati mulibe dalaivala.

Eni makampani akufunanji kwenikweni, popeza madalaivala alipo?

Akufuna thiraki yosagona. Lamulo la ku America limati dalaivala asapitirire maola 11 akuyendetsa, ndipo akatero apume maola 10 motsatizana. Kuyambira Disembala 2017 maolawo amalembedwa ndi kachipangizo kolumikizidwa ku injini, moti zonamiza buku zinavuta. Choncho thiraki yogulidwa ndi ndalama zankhaninkhani imathera pafupifupi theka la tsiku ili chiimire, mwini wake akubweza ngongole kubanki. Makina satopa. Angayende usana ndi usiku, kungoima pothira dizilo ndi poyendera matayala, ndipo ulendo wa masiku awiri ungasanduke wa tsiku limodzi.

Chachiwiri ndi malipiro. Pa ndalama zonse zimene kampani ya ku America imawononga poyendetsa thiraki, gawo lalikulu ndi malipiro a dalaivala ndi zina zomuyenera. Dizilo amabwera pambuyo. Tisazungulire apa. Makampani amalankhula za chitetezo cha pamsewu, ndipo ena amanenadi kuchokera pansi pa mtima, koma phindu limene oika ndalama akudikira lidzachokera m'thumba la dalaivala.

Paja zaka zapitazo anatiuza kuti zimenezi zafika kale. Chinachitika n'chiyani?

Anaterodi, ndipo ambiri mwa amene ankanena zimenezo lero kulibe.

Mu Okutobala 2016 kampani ya Otto inanyamula zitini za mowa wa Budweiser zoposa 50,000 kuchoka ku Fort Collins kupita ku Colorado Springs, makilomita pafupifupi 190, dalaivala atachoka pampando n'kukakhala kumbuyo. Manyuzipepala analemba ngati kuti madalaivala angolongedza. Uber, imene inagula Otto chaka chomwecho, inasiya za mathiraki mu 2018. Starsky Robotics inayendetsa thiraki yopanda munthu ku Florida mu 2019, n'kutsekedwa mu 2020. TuSimple inayenda makilomita pafupifupi 130 usiku ku Arizona mu Disembala 2021 mkati mulibe aliyense. Patapita miyezi inayi, thiraki yake ina, yomwe munali munthu woyang'anira, inakhota mwadzidzidzi n'kukaomba khoma la konkire pamsewu wa I-10, ndipo pofika kumapeto kwa 2023 kampaniyo inali ikusamuka ku America. Embark inagwa mu 2023. Waymo, ya banja la Google, inaimitsa ntchito ya mathiraki chaka chomwecho kuti ilimbikire za matakisi.

Aliyense anali ndi mavuto ake, koma phiri limene onse analephera kukwera ndi limodzi. Kuphunzitsa makina kuyenda ulendo wopanda chovuta si nkhani yaikulu. Chovuta ndi tinthu tochitika mwa apo ndi apo: matiresi agwa pagalimoto ya kutsogolo, wapolisi akukupiza dzanja kuti mudutse mbali yoletsedwa, mizere yakale ndi yatsopano yasokonekera pamalo pomwe akukonza msewu, tayala lakutsogolo laphulika. Chilichonse mwa izi n'chosowa pachokha, koma mukaziphatikiza, tsiku silidutsa popanda chimodzi. Ndalama zinkayamba kutha tinthuti tisanathe.

Komabe tisanamizane. Kugwa kwa makampaniwa sikunapite ndi nzeruyo kumanda. Akatswiri awo anasamukira kwa otsala, zida zinatsika mtengo, ndipo otsalawo ndi amene lero ali pamsewu ndi katundu weniweni wa makasitomala.

Kodi ntchito ya dalaivala si kugwira chiwongolero basi?

Aliyense amene anayendapo ulendo wautali pambali pa dalaivala wa thiraki akudziwa kuti ayi. Asananyamuke amazungulira galimoto yonse, kugogoda matayala, kumvetsera ngati mpweya wa mabuleki ukuthawa, kuona magetsi, kutsimikiza kuti ngolo yakola bwino. Amayang'ana mmene katundu wasanjidwira, chifukwa katundu wopendekera amagwetsa thiraki pakona. Amafunda tenti, amakunga malamba, ndipo akayenda pang'ono amaima n'kukunganso, popeza katundu amatsendereka ndi kugwedezeka kwa msewu. Amabwerera chambuyo kulowa pageti yopapatiza ya fakitale, ngolo yonseyo ikutsatira ngati mchira. Amasainitsa mapepala, amalimbana ndi wolandira katundu amene akuumirira kuti makatoni atatu aphwanyikira m'njira. Usiku ndiye mlonda wa katunduyo. Fungo la mabuleki akupsa amalimva chitsetso chisanathe, ndipo kulira kwachilendo kwa injini amakuzindikira nyali yochenjeza isanayake. Kuyenda mowongoka patala ndi gawo lalikulu la maola ake, koma ndi gawo laling'ono la luso lake.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha tizikwangwani tofiira ta makona atatu. Lamulo la ku America limati thiraki ikaima pambali pa msewu, dalaivala atsike pasanathe mphindi 10 n'kukandandalika titatu kuti ena achenjere. Kwathu kuno ntchito yomweyi kawirikawiri imagwiridwa ndi nthambi za mitengo. Tsono thiraki yopanda munthu ilibe miyendo. Aurora ndi Waymo anapempha boma kuti liwalole kugwiritsa ntchito magetsi ophethira oikidwa pagalimoto pomwepo. Mu Disembala 2024 boma linakana, Aurora inakasuma kukhoti, ndipo chilolezo cha kanthawi chinadzaperekedwa mu 2025. Makina amene anadya madola mabiliyoni anatsala pang'ono kutsekerezedwa ndi kantchito kamene dalaivala amakagwira osakaganizira n'komwe.

Njira imene makampani apeza ndi yodula ulendo patatu. Munthu amatenga ngolo kufakitale n'kukaisiya padepoti ya m'mphepete mwa msewu waukulu. Pamenepo antchito amaiyendera, n'kuikoleka ku mutu wodziyendetsa, umene umayenda mtunda wautali wapakatiwo. Padepoti ya tsidya linalo munthu wina amailandira n'kulowa nayo mumzinda. Ena amakhala muofesi maso ali pa makompyuta, okonzeka kulangiza thiraki imene yazunguzika. Anthu akadalimo m'ntchitoyi, koma achotsedwa pamalo amene ankalipira bwino maola ambiri n'kuikidwa kumathero awiriwo.

Ndiye ndi madalaivala ati amene ali pangozi?

Ndi a mtunda wautali, amene amakoka ngolo yotseka kapena ya firiji kuchoka padepoti ina kupita pa ina osakhudza katundu. Ku America anthu oyendetsa mathiraki akuluakulu ndi oposa 2 miliyoni. Steve Viscelli wa pa yunivesite ya Pennsylvania, amene anayamba wayendetsapo thiraki iye mwini asanalembe za ntchitoyi, anawerengera mu 2018 kuti ntchito pafupifupi 294,000 za mtunda wautali ndizo zili pangozi. Kafukufuku wina wa mu 2022, wa akatswiri a ku mayunivesite a Michigan ndi Carnegie Mellon, anapeza kuti zambiri zidalira nyengo. Makina akamangoyenda kumwera kotentha kokha, angatenge maola 10 pa 100 aliwonse a madalaivala a mtunda wautali. Akadzatha kuyenda m'nyengo zonse m'dziko lonselo, angatenge mpaka 94 pa 100.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa si chiwerengero chokha. Viscelli anasonyeza kuti mwa ntchito zili pangozizo muli zina zabwino koposa zonse, za m'makampani onyamula maphukusi ndi katundu wophatikiza wa makasitomala ambiri, kumene malipiro ndi abwino ndipo mabungwe a antchito ali ndi mphamvu. Ntchito zatsopano zimene zingabadwe, zotenga ngolo padepoti kukasiya mumzinda, zikufanana ndi za m'madoko, kumene madalaivala ambiri amatengedwa ngati eni bizinesi osati antchito. Dizilo, inshulansi ndi zokonzetsa amalipira okha, ndipo maola odikira pamzere salipidwa. Ntchito ikhoza kukhalapo ndithu, koma yosadyetsa banja.

Madalaivala a ku America anazionapo kale zoterezi. Lamulo la mu 1980 litamasula mpikisano pa zamtengatenga, makampani anachuluka, mitengo yonyamulira katundu inatsika, mabungwe a antchito anafooka, malipiro a dalaivala n'kutsika nawo. Nthawi imeneyo kunalibe lidar kapena kompyuta yoyendetsa. Linali lamulo chabe.

Amene angakhalitse ndi oyendetsa mathanki a mafuta ndi mankhwala oopsa, onyamula ziweto, mitengo, makina akuluakulu ndi konkire, otola zinyalala, ndi onse olowa m'makwalala a mumzinda kukatsitsa katundu khomo ndi khomo.

Koma makampani akuti madalaivala akusowa. Kodi makinawa sakungotseka mpata?

Bungwe la eni mathiraki la American Trucking Associations lakhala likunena zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo mu 2021 linati madalaivala akuperewera ndi 80,000. Koma bungwe lomwelo lili ndi chiwerengero china chofunika kuchiika pambali pa chimenechi. Kwa zaka zambiri, kampani yaikulu ya mtunda wautali yokhala ndi madalaivala 100 inkafunika kulemba atsopano pafupifupi 90 chaka chilichonse kuti itseke mipata ya ochoka. Anthu amalowa, amalawa moyo wa masabata atatu osaona ana, kugona m'kachipinda ka kuseri kwa mpando, kulipidwa potengera mtunda umene ayenda osati maola amene agwira, n'kuchoka. Ndowa yodontha sidzadza ngakhale pachitsime madzi ali mbwee. Makampani amene amalipira bwino n'kumabweza dalaivala kunyumba kawirikawiri savutika kupeza anthu.

Pali mfundo imodzi ya makampani imene ndi yoona. Madalaivala ambiri kumeneko ndi achikulire, ndipo kusinthaku kukabwera pang'onopang'ono, ambiri adzapuma pantchito makina asanawafike. Zimenezi zingachepetse ululu kwa amene alimo kale. Sizikumuthandiza mnyamata amene sanapite kukoleji, yemwe ankaona thiraki ngati njira yake yomangira nyumba.

Nanga za ngozi, makina saposa munthu?

Ku America anthu oposa 5,000 amafa chaka chilichonse pangozi zokhudza mathiraki akuluakulu, ndipo ambiri mwa iwo amakhala a m'magalimoto enawo. Makina sawodzera, samwa mowa, sayang'ana foni, sapsa mtima wina akawadula kutsogolo. Palibe amene angakane kuti zimenezi n'zabwino. Zikadzatsimikizika kuti akupulumutsa miyoyo, ineyo sindidzatsutsa, ngakhale ndimawamvera chisoni madalaivala.

Koma umboni sunakwane. Ngozi zakupha zimachitika kamodzi pa makilomita mamiliyoni ambiri, choncho kuti mudziwe ngati makina aposa munthu muyenera kuwayendetsa mtunda wochuluka kwambiri kuposa umene mathirakiwa ayenda opanda munthu mpaka pano. Komanso makina ali ndi kalakwidwe kawokawo. Mu Malichi 2018 galimoto yoyeserera ya Uber inagunda n'kupha mayi amene ankawoloka msewu akukankha njinga ku Tempe, m'chigawo cha Arizona. Zida zinamuona, koma kompyuta inalephera kuzindikira kuti ndi munthu amene akudutsa. Mu Okutobala 2023 takisi yopanda dalaivala ya Cruise ku San Francisco inakhwekhwereza mayi amene anaponyedwa kutsogolo kwake atagundidwa ndi galimoto ina. Inkayesa kupatukira pambali iye ali pansi pake. Amenewa anali magalimoto ang'onoang'ono, osati a matani 36. Dalaivala mmodzi akalakwa amalakwa yekha. Pulogalamu ikalakwa, cholakwacho chimakhala m'mathiraki onse a kampaniyo nthawi imodzi, ngakhale kuti kukonza kwakenso kumafika kwa onse pamodzi.

Palinso funso la mlandu. Pangozi ya ku Tempe ija, amene anaimbidwa mlandu ndi wantchito yemwe anali pampando woyang'anira. Kampaniyo sinazengedwe mlandu wa imfayo. Madalaivala amene akuuzidwa kuti mawa adzakhala oyang'anira makina ayenera kuikumbukira nkhani imeneyi asanasaine pepala lililonse.

Madalaivala eni ake akuti chiyani?

Bungwe la antchito la Teamsters likumenyera kuti m'thiraki iliyonse yolemera muzikhala munthu wophunzitsidwa, ngakhale makina akuyendetsa. Ku California aphungu anavomereza lamulo lotero mu 2023, koma bwanamkubwa Gavin Newsom anakana kulisaina, ndipo anakananso lina lofanana nalo mu 2024. Nkhondoyi ikumenyedwa chigawo ndi chigawo, m'nyumba za malamulo, ndipo liwiro la kusinthaku lidzadalira kwambiri amene apambane kumeneko.

Nanga madalaivala athu a ku Malawi opita ku Beira, ku Dar es Salaam ndi ku Durban?

Amenewa asasowe tulo ndi nkhani ya ku Texas. Zifukwa zake n'zooneka ndi maso. Msewu wa M1 ndi wa aliyense: thiraki, minibasi, kabaza, ngolo ya ng'ombe, mbuzi, ana a sukulu, ndi msika umene umasefukira patala pa Lizulu kapena pa Jenda. Mizere imene kamera imadalira inafufutika m'malo ambiri, ndipo m'mphepete mwa tala munadyeka. Pamakona a Chiweta dalaivala amatsika ndi giya yaing'ono mtima uli m'mwamba, akumvetsera mabuleki. Mvula ikakokolola mlatho, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu 2023, mapu a dzulo amakhala opanda ntchito, ndipo amene amadziwa kodutsa ndi munthu amene waimbira mnzake yemwe wadutsako m'mawa.

Kenako pali maboda. Masiku ambiri amene dalaivala wathu amataya amathera pamzere, pa Songwe, pa Mwanza, pa Beitbridge ndi padoko, kudikira mapepala a kasitomu. Phindu lonse la thiraki yosagona lingathere pomwepo, chifukwa nayonso idzaima pamzere womwewo, ndipo ilibe pakamwa polankhulira ndi wa kasitomu, wa pasikelo kapena wapolisi wa parodibuloko. Ulendo wa Blantyre kupita ku Durban kudzera ku Tete ndi Nyamapanda umakhudza mayiko anayi, lililonse ndi malamulo ake, ndipo onse anayi angafunike kugwirizana za galimoto yopanda munthu. Za katundu woima yekha pakati pa tchire usiku, wopanda womulondera, aliyense akudziwa chimene chingamuchitikire.

Chachikulu koposa ndi masamu. Ku America makina akupikisana ndi dalaivala wolandira madola masauzande angapo pamwezi. Kuno dalaivala amalandira kachigawo kakang'ono ka zimenezo, ndipo mathiraki ambiri amabwera atagwira kale ntchito kunja. Palibe mwini kampani amene angasake ndalama zakunja, zosowa chonchi, kuti agule lidar pofuna kupulumutsa malipiro ochepa otero. N'zowawa kunena, koma chimodzi mwa zinthu zimene zikumuteteza dalaivala wathu ndi kuchepa kwa malipiro ake. Chitetezo chotero sichosangalatsa.

Makinawa akadzafika kuno, ndikuona kuti adzayambira m'migodi ikuluikulu, mkati mwa mpanda, monga zinayambira ku Australia. Kumeneko msewu ndi wa kampani, wolowamo ndi wodziwika, ndipo thiraki imazungulira njira imodzi usana ndi usiku.

Komabe chakudza sichiimba ng'oma, ndipo makina amtundu wina alowa kale m'mathiraki a kumwera kuno kwa Africa. Kachipangizo kolondola galimoto kamauza abwana muofesi pamene thiraki yaima ndi mphindi zimene yaimapo. Kena kamayeza dizilo m'thanki. M'makampani ena muli kamera yoyang'ana nkhope ya dalaivala, imene imalira akatsinzina kapena akagwira foni. Zina mwa izi zimapulumutsadi moyo. Koma zonse zimachotsa kenakake m'manja mwa dalaivala n'kukapereka kwa munthu wa muofesi: poti apume, liwiro loti ayende, njira yoti adutse. Mabungwe a madalaivala athu akamakambirana za malipiro ndi alawansi ya paulendo, ayenera kufunsanso kuti zimene zidazi zikulemba akuziona ndani, ndipo zingagwiritsidwe ntchito bwanji pochotsa munthu ntchito.

Mnyamata kapena mtsikana amene akusonkha ndalama za laisensi ya magalimoto akuluakulu apitirize?

Apitirize. Malawi alibe doko la panyanja yamchere, ndipo mafuta, feteleza ndi katundu wambiri wa m'masitolo amabwera pamatayala, fodya, tiyi ndi shuga n'kutuluka pamatayala omwewo kapena panjanji ya ku Nacala. Zimenezi sizisintha posachedwa. Ngakhale m'mayiko olemera munthu wa pachiwongolero akufunikabe. Mu Seputembala 2021 malo ambiri omwetsera mafuta ku Britain anauma, mafuta ali m'madepoti, chifukwa oyendetsa mathanki anaperewera, mpaka boma linatulutsa asilikali kuti athandize kuyendetsa.

Koma asakhutire ndi kudziwa kusintha magiya. Aphunzire kunyamula mafuta ndi katundu woopsa, kumanga katundu wovuta, kubwerera chambuyo pamalo opanikiza, kukonza zazing'ono panjira popanda kudikira makaniko. Adziwe mapepala a kasitomu ngati mmene amawadziwira kalaliki. Chipwitikizi chochepa cha ku Beira ndi Chiswahili cha ku Dar es Salaam zimamasula zinthu zimene ndalama sizingamasule. Asaope foni ndi kompyuta, chifukwa mapepala ambiri akusamukira mmenemo. Zonsezi ndi mbali za ntchito zimene makina sanazikhudze ngakhale ku Texas.

Kwa achibale athu amene ali ku America ndipo akulingalira zolowa ntchitoyi, langizo ndi losiyana pang'ono. Asankhe thanki, ngolo yapululu yonyamula zitsulo ndi makina, kapena zotsitsa katundu mumzinda. Asalowe ngongole ya zaka zambiri yogula thiraki yawoyawo kuti azikoka ngolo yotseka pakati pa Dallas ndi Houston kapena pakati pa Fort Worth ndi El Paso, chifukwa njira zimenezo ndi zomwe makina ayambira kale.